Botolo la Tepi Yofiira

Abale, ine si munthu wolankhula. Ndalemba papepala chifukwa ndikayamba ndi pakamwa ndimathera panjira. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Mukamva pena pakhota, ingopitirirani nane.

Dzina langa ndi Likongwe. Kwathu ndi ku Luchenza. Kuno ku London ndakhala zaka zoposa makumi awiri. Ndimakhala ku Thamesmead, ndekha. Kuti ndifike mu holo ino ya ku Ilford ndakwera basi imodzi ndi sitima ziwiri. Mowa ndinasiya chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Sindinabwere kudzadzitama. Ndabwera kudzanena chimene ndinachitira mwana wa eni.

Ena mumaudziwa mpira wa ku America, uja amavala zisoti ndi zotchinga m'mapewa. Ambiri mukauona mumasintha tchanelo. Ndikuuzani pang'ono chabe, kuti mumve nkhaniyi. Pali munthu mmodzi woponya mpira. Adani amafuna kumugwetsa asanaponye. Patsogolo pake pamaima amuna asanu akuluakulu, phewa ndi phewa. Amenewo timati a pa mzere. Sagoletsa. Mpira saugwira n'komwe, kupatula wa pakati amene amaupereka kumbuyo. Ntchito yawo ndi kutchinga basi. Akagwira bwino palibe amawatchula. Dzina lawo limamveka tsiku limene alakwitsa.

Ine ndinali kochi wa anthu asanu amenewo.

Ndinayamba ngati wosamalira bwalo la masewera pa yunivesite ina kum'mawa kuno. Kutchetcha kapinga, kujambula mizere ndi penti. Tsiku lina anyamata anasiya chitsulo chawo chophunzirira pakati pa bwalo. Ndi cholemera, amachikankha anthu awiri. Ndinachikankha ndekha mpaka kumpanda kuti nditchetche. Kochi wamkulu, mzungu dzina lake Martin, anandiona. Anandifunsa ngati ndinayamba ndagundapo munthu popanda kumangidwa. Ndinati ayi. Anati, "Bwera Lamlungu."

Ndinasewera zaka zisanu ndi chimodzi mu timu ya akuluakulu imene Martin ankaphunzitsanso. Bondo litatha, anandithandiza kuwerenga mapepala a maphunziro a ukochi, tsamba ndi tsamba, mu galimoto yake. Kenako anandipatsa mzere wa timu ya yunivesite. Masana wosamalira bwalo, madzulo ndi Lamlungu kochi.

Kuno si ku America. Ana ambiri amafika pa yunivesite asanagwirepo chisoti. Timawatola tokha. Mu Seputembala ophunzira atsopano akafika, matimu onse amaika matebulo. Othamanga amabwera okha, akuseka, akudzionetsa. Akuluakulu thupi sabwera. Chiyambire ku pulayimale akhala akusekedwa, akusankhidwa pomaliza, kapena kuikidwa pagolo kuti atseke malo. Amabisala kumbuyo kwa kantini, zomvera nyimbo zili m'makutu.

Choncho ine pa tebulo sindinkakhala. Ndinkapita ku kantini. Ndikaona wamkulu thupi, ndinkadutsa pafupi n'kugwetsa makiyi dala. Ndinkafuna kuona mmene atolere. Akawerama ndi msana, miyendo ili chiwongokere, ndinkathokoza n'kumapita. Akapinda mawondo, msana uli chilili, zidendene zili pansi, ameneyo anali wanga. Mphamvu ndingamupatse munthu. Mawondo opinda sindingamupatse.

Umu ndi mmene ndinapezera Mayamiko.

Anakhala yekha pa tebulo la pakona, msana ku khoma, akudya tchipisi. Ndinagwetsa makiyi. Anadzuka, anapinda mawondo ngati munthu amene anabadwira pa mzere, anatola. Kenako anandipatsa ndi manja awiri.

Manja awiri. Kuno palibe amachita zimenezo.

Ndinati m'Chichewa, "Kwanu n'kuti, iwe?"

Anatsala pang'ono kugwetsanso makiyi aja. "Ku Zomba, ankolo. Ku Chinamwali."

Anabwera kudzaphunzira za uinjiniya, zaka zinayi. Anandiuza kuti masabata atatu chifikireni, mawu okha amene anatuluka pakamwa pake anali a mu shopu.

Ndinamuuza za timu. Anapukusa mutu. "Ine zamasewera ayi, ankolo. Ndikathamanga anthu amaseka."

"Kumene ndikukutengera sitithamanga. Timaponda kawiri, wina n'kugwa."

"Amagwa ndani?"

"Ukamvera, mnzako. Ukapanda kumvera, iwe."

Anaseka. Lamlungu anabwera atavala nsapato za kutchalitchi.

Ndinamuphunzitsa kuyambira pansi. Kaimidwe: mapazi motalikirana ngati mapewa, matako pansi, dzanja limodzi pa kapinga. Phazi loyamba lifupike, lisapose chikhatho. Ukatalikitsa, mdani akuzungulira. Manja pachifuwa pa mdani, osati m'mapewa. Mutu m'mwamba. Maso otsegula. Zimenezi ndinkabwereza tsiku lililonse mpaka anyamata ankanditsanzira mawu ndikatembenuka. Usagunde chimene sukuchiona. Maso otsegula.

Ndinali ndi malamulo ena awiri. Loyamba: mnzako akagwa, umudzutse. Lachiwiri: pa mzere sitiloza chala. Wina akalakwa, talakwa tonse. Mmodzi akadumpha mluzu usanalire, onse asanu ankathamanga kuzungulira bwalo, popanda kutchula dzina. Lachinayi lililonse asanuwo ankadyera limodzi ku kantini. Ilo silinali pempho.

Chaka chake chachiwiri ndinamuika Mayamiko kumapeto kwa mzere, kumanzere. Awa ndi malo a munthu wodalirika kuposa onse. Woponya wathu, Jamie, ankaponya ndi dzanja lamanja, ndiye poponya ankafulatira mbali ya kumanzere. Chimene chikubwera kumeneko sachiona. Msana wake wonse unali m'manja mwa Mayamiko. Anzake anamupatsa dzina loti Zomba. Anayamba kuyenda mutu uli m'mwamba. Ku kantini mawu ake ankamveka uli panja.

Iye akukwera, ine ndinali kutsika.

Mkazi wanga anachoka ndi mwana wathu wamkazi kupita ku Leeds. Sindimunena. Ndinali munthu wofika kunyumba, kudya, kukhala chete, kugona. Anatopa kukhala ndi khoma. Atachoka, mu fulati munatsala phokoso la furiji. Ndinayamba ndi zitini ziwiri ndikaweruka. Zinakhala zinayi. Ndinasamukira ku vodika poganiza kuti siinunkha. Limenelo ndi bodza, ndipo nonse muno mukulidziwa. Kenako ndinayamba kumwa m'mawa kuti manja asiye kunjenjemera. Kenako ndinafunika kumwa pa bwalo.

Pa bwalo timakhala ndi mabotolo a madzi, apulasitiki, obiriwira, onse ofanana. Ndi ofinya. Wosewera savula chisoti kuti amwe. Amaloza botolo pakati pa zitsulo za kumaso n'kufinya. Akatenthedwa amayamba wadzithira kumaso konse, kenako m'kamwa. Ndinatenga limodzi, ndinalikulunga tepi yofiira. Ndinauza anyamata kuti ili ndi langa, ndili ndi chifuwa, wina asaligwire. Mkati munali vodika yosasakaniza.

Miyezi inayi zinayenda. Ndinkadziona wochenjera.

Linali Lamlungu masana, mu Febuluwale. Mvula yozizira, bwalo matope okhaokha. Masewera anali othina. Martin anapempha kupuma kwa mphindi imodzi, asanu anga anabwera chothamanga kumbali kwa bwalo. Ndinafuna kuwajambulira chinthu pa bolodi, ndipo ndinafunika manja onse awiri. Ndinaika botolo langa mu kireti, pakati pa enawo. Tepi inali itadetsedwa ndi matope.

Mayamiko anali wefuwefu. Anatola botolo osayang'ana. Analoza kumaso, anafinya ndi mphamvu zake zonse.

Anatsokomola. Anagwada pa bondo limodzi. Analowetsa zala m'chisoti kuti apukute, koma magolovesi anali matope. Anzake anayesa watsamwa ndi madzi, wina anamumenya kumsana akuseka. Iye anadzutsa mutu. Diso limodzi linali lotseka, linalo lofiira, likutuluka misozi. Ndi diso limenelo anayang'ana botolo, kenako anayang'ana ine.

Mluzu unalira.

Mvetserani apa. Ndikanatha kunena mawu amodzi: khala. Wina akanalowa m'malo mwake, ife tikanamutsuka m'maso. Koma ndikanamutulutsa, Martin akanafunsa chifukwa. Akanatola botolo. Ndinaona zonsezo m'mutu mwanga, ntchito, nyumba, dzina. Ndinaika dzanja pa msana wa Mayamiko, ndinamukankha.

Ndinati, "Lowa."

Analowa. Mpira unaperekedwa. Mdani wake anali mnyamata wochepa thupi, waliwiro. Anadutsa kunja. Mayamiko anatambasula manja kumene kunalibe munthu. Jamie anagundidwa kumbuyo mpira uli m'mwamba, anagwera pa phewa, munthu ali pamwamba pake. Kulira kwa fupa ndinakumva ndili kumbali.

Mayamiko anapapasa mpaka anamupeza, anafuna kumudzutsa monga ndinamuphunzitsira. Jamie anakuwa kuti asamukhudze.

Ambulansi itachoka, ndinachita chinthu chimene chimandidzutsa mpaka lero. Ndinaima pamaso pa timu yonse, ndinamugwira Mayamiko pa zitsulo za chisoti, ndinamufunsa mokweza, m'Chingerezi kuti onse amve: "Maso ako anali kuti?"

Sanayankhe. Botolo linali kale m'chikwama changa.

Lachiwiri lililonse timu imaonera vidiyo ya masewera. Martin anabwezera malo amenewo katatu. Pa vidiyo Mayamiko ankaoneka ngati munthu amene wagona chiimirire. Palibe ananena kanthu. Koma Jamie ankakondedwa, ndipo dokotala anali atanena kuti chaka chake chatha. Lachinayi ku kantini anzake anayi aja ankalankhulana okha, Mayamiko akudya kumapeto. Anabwera masabata atatu. Sabata lachinayi ndinapeza chisoti chake ndi zotchinga m'mapewa zili mu sitolo, zotsukidwa bwinobwino, zoikidwa pa shelefu.

Ndinapuma. Ndinati zatha bwino. Ndi mmene ndinalili.

Zotsatira ndizifupikitsa, chifukwa ambiri muno mwadutsamo. Mu Epulo ndinajambula mizere ya bwalo la kiriketi yokhota ngati njira ya kumunda. Anandipeza ndikugona mu shedi pafupi ndi makina otchetchera, fungo lili ponseponse. Ntchito inatha tsiku lomwelo, ukochi unatha nayo. Martin anaimba kawiri. Sindinayankhe. Ndinatseka makatani. Ndinkadziwa ola limene shopu ya pakona imatsegula, ndipo ndinkafika mwini wake asanafike. Tsiku lobadwa la mwana wanga ndinalikumbukira patapita masiku anayi. Panali sabata limene munthu yekha amene anandilankhula anali dalaivala wa basi, ndipo anandiuza kuti nditsike.

Ndinadzapeza ganyu yotola zinyalala ku Wembley masiku amene kuli zochitika pa sitediyamu. Ulendo wautali, basi kenako sitima, kudutsa mzinda wonse. Anandipatsa chovala chowala, thumba, ndi ndodo yotolera. Anthu zikwizikwi amakudutsa osakuona. Ine zimenezo zinkandikomera.

Loweruka lina mu Julaye, masana, kunali kutentha. Ndinali kuseri kwa mashopu, kumene malole amatsitsa katundu. Ndinali ndi kabotolo kakang'ono m'thumba la pachifuwa. Pepala lina linamatirira pansi, ndodo inakanika kulitola. Ndinawerama. Ndi msana, miyendo ili chiwongokere, monga anthu amene ine ndinkawakana. Kabotolo kanagwa. Sikanasweke. Kanagubuduzika mpaka pa khomo la kuseri kwa shopu ina, pamene munthu wina ankanyamula makatoni.

Munthuyo anaika katoni pansi. Anapinda mawondo. Msana chilili, zidendene pansi.

Ndinazindikira mawondo ndisanaone nkhope.

Anatola kabotolo kaja, anakayang'ana, anabwera. Anali ataonda. Malaya a shopu ankamulendewera. Anaima patsogolo panga, anandipatsa ndi manja awiri.

"Zanu izi, a Kochi."

Ndinalandira. Ndikanatani? Tinaima. Kutali anthu ankaimba akulowa mu sitediyamu. Ndinayang'ana nsapato zake. Zinali zija za kutchalitchi, zitatha.

Ndinati, "Ukugwira kuno?"

"Ya holide."

"Sukulu?"

"Ikuyenda."

Ndinafuna kuchoka. Pakamwa panatuluka funso limene sindinakonze.

"Bwanji sunanene?"

Anandiyang'ana. Maso onse awiri anali bwino. Ndinaona zimenezo koyamba, ndipo ndinachita manyazi kuti miyezi yonseyi sindinafunse.

"Ndikanati chiyani? Munatiphunzitsa nokha. Pa mzere sitiloza chala."

"Lamulo limenelo linali la inu asanu."

"Ine ndinkawerenga asanu ndi mmodzi."

Anapitiriza, "Ndinadikira. Lachiwiri loyamba ndinati lero anena. Lachiwiri lotsatira ndinati akusonkhanitsa mphamvu. Sabata lachitatu ndinakhala kutsogolo dala kuti mundione. Munayang'ana khoma."

Sanakweze mawu. Akanandimenya zikanandipepukira.

Ndinafunsa za Jamie. Anati amakumana naye ku laibulale, ndipo Jamie akamuona amatembenuka. Ndinafunsa za anayi aja. Anati amapatsana moni.

"Nanga ukudya ndi ndani?"

"Pa tebulo lija munandipeza."

Wina anamuitana mkati mwa shopu. Anabwerera pa katoni yake, anapinda mawondo, ananyamula, analowa. Chitseko chinadzitseka chokha.

Sindikunamizani kuti kabotolo ndinakataya. Ndinakamwa konse ndisanafike pa siteshoni. Koma kwa nthawi yoyamba mowa sunagwire ntchito yake. Ulendo wonse wa sitima ndinkaona tebulo la pakona. Ndinamutenga mwana uja pa tebulo limenelo, ndinamuonetsa kuti pali malo ake padziko, kenako ndinamubwezera pomwepo ndi dzanja langa, atasenza mlandu wanga. Ndipo iye, kuti andipatse mowa wanga, anagwiritsabe manja awiri.

Lolemba ndinapita kwa dokotala.

Tsopano zimene ndinachita, mwina zithandiza wina.

Ndinamuuza dokotala kuchuluka kwenikweni, osati theka monga timachitira. Anandiuza kuti munthu wofika pamene ndinafika ine asasiye yekha tsiku limodzi, chifukwa thupi likhoza kugwidwa khunyu. Ananditumiza kwa anthu a ntchito imeneyo. Anandipatsa mankhwala, ankandiona tsiku ndi tsiku. Masiku oyamba ndinatuluka thukuta, ndinasanza, ndinaona zinthu zikuyenda pa khoma. Zinadutsa. Musayese nokha m'chipinda. Pitani.

Kenako anandilozera kuno, ku gulu lino la osiya mowa. Mwezi wathunthu ndinkakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko, osanena kanthu. A Mwale a ku Chipata, amene akhala kumbuyoko, analemba nambala yawo pa tikiti ya basi yakale n'kundipatsa. Anati, "Mudala, muziimba mukalibe kumwa, osati mukamwa." Ndawaimbirapo ndili chiimire pa khomo la shopu ya pakona. Sananene zambiri. Anandifunsa za mpira umene sakuudziwa n'komwe, mpaka ndinapezeka ndafika kunyumba.

Ndinasintha potsikira basi. Ndimapitirira siteji imodzi, n'kubwerera wapansi njira ya kuseri, kuti ndisadutse pa shopu ija. Lamlungu ndiye linali tsiku loipa, chifukwa thupi linazolowera bwalo. Ndinayamba kuyenda m'mbali mwa mtsinje mpaka ku Woolwich ndi kubwerera, bondo likupweteka. Ndinkafika nditatopa, n'kugona.

Koma zonsezi zinali zanga. Mlandu unali ukadali pa Mayamiko.

Mu Okutobala ndinaimbira Martin. Ndinapempha mphindi zisanu Lachiwiri, m'chipinda cha vidiyo. Anafunsa kuti za chiyani. Ndinati akamva komweko, chifukwa ndikanena pa foni sindibwera.

Ndinatenga botolo la tepi yofiira. Ndinaliika pa tebulo. Chingerezi changa ndi chothyoka, koma tsiku limenelo chinakwana. Ndinanena zimene zinali mkati. Ndinanena amene analiika mu kireti. Ndinanena za diso. Ndinanena mawu aja, lowa. Ndinanena zimene ndinakuwa pambuyo pake.

Jamie analipo, ankathandiza ndi vidiyo chifukwa phewa silinabwerere. Anandifunsa funso limodzi. "Unadziwa kuti sakuona?"

Ndinati inde.

Anatuluka. Chitseko chinagwedeza khoma.

Kenako mnyamata wa pakati pa mzere anadzuka. Anayang'ana anzake atatu. Onse anayi anatuluka osandiyang'ana. Ndinayesa akuthawa kukhala chipinda chimodzi ndi ine. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anapita ku kantini. Anakamupeza Mayamiko pakona, anakoka mipando, anakhala. Kenako wina anamudyera tchipisi.

Martin anati ayenera kukanena ku akuluakulu a yunivesite. Ndinati akanene. Anandiletsa kuponda pa bwalo chaka chathunthu. Anachita bwino.

Chaka chimenecho ndicho chinali chovuta. Musaganize kuti mukanena zoona m'nyumba mudzaza anthu. Furiji inali yomweyo. Ndinapeza ntchito yotchetcha m'mapaki. Ndinalembera Jamie kalata, sanayankhe, ndipo alibe chifukwa choyankhira. Mwana wanga anayamba kundiyankha pa foni, mawu awiri atatu, m'Chingerezi. Martin ankanditumizira uthenga kamodzi pamwezi. Wina unali woti Zomba wabwerera, ali kumanzere. Uthenga umenewo ndinauwerenga ndili pa benchi m'mbali mwa mtsinje, ndipo panalibe womuuza.

Apa ndinene kwa inu. Ambiri muno muli naye munthu amene akusenza chinthu chanu ali chete. Mkazi amene amauza abale kuti mukudwala. Mnzanu wa pa shifiti amene anavomera kuti ndiye anaswa. Mukumudziwa. Akudikira Lachiwiri lake. Kusiya mowa sikumutula katundu ameneyo. Muyenera kupita ndi mapazi anu.

Chaka chitatha anandilola kubwerera, koma osati ngati kochi. Mzere uli ndi kochi wina tsopano, mnyamata wophunzira bwino. Ine ndimagwira thumba. Ndi pilo wamkulu wolimba amene a pa mzere amagunda pophunzira. Ndimaima, ndimaligwira pachifuwa, amandigunda mmodzi mmodzi. Malamulo anali atatu. Sindiphunzitsa. Sindigwira mabotolo a timu. Botolo langa Martin amalinunkhiza pa geti tsiku lililonse. Ndinabweretsa lomwe lija. Ndinalitsuka ndi madzi otentha kambirimbiri, koma tepi sindinachotse. Ndinafuna aliyense azilidziwa.

Mayamiko anali m'chaka chake chomaliza. Thupi linali litabwerera. Sanandiitanenso a Kochi, sanandiitanenso ankolo. Ankati, "A Likongwe," n'kugwedeza mutu. Pa thumba ankandigunda kuposa wina aliyense. Kawiri ndinagwa chagada. Kawiri konse anandidzutsa, osalankhula, chifukwa ndi lamulo. Tsiku lina ndinamuona ali ndi ludzu, ndinamutambasulira botolo. Anandidutsa ngati mtengo.

Sindinayesenso.

Mwezi wathawu kunali masewera ake omaliza pa bwalo lathu. Lamlungu masana, kukuzizira, matope ngati tsiku lija. Ine ntchito yanga inali kuima kumapeto ndi matawulo. Adani anali ndi mnyamata waliwiro kumbali ya Mayamiko, ndipo kawiri anatsala pang'ono kumudutsa. Martin anapempha kupuma. Kireti ya madzi inali kutali, mbali ina ya benchi, ndipo anzake anathamangira komweko.

Mayamiko sanapite. Anabwera pamene ndinaima. Anagwira mawondo, akupuma ngati ng'ombe. Kenako anatambasula dzanja.

Ndinamupatsa tawulo. Anapukusa mutu. Analoza m'khwapa mwanga.

Ndinayang'ana Martin. Martin anali kutiyang'ana.

Ndinaika matawulo pansi. Ndinagwira botolo ndi manja awiri, ndinamupatsa.

Sananunkhize. Sanalawe kaye. Analoza pakati pa zitsulo za chisoti, maso ali otsegula, akundiyang'ana ine, anafinya. Kumaso konse. Kenako m'kamwa.

Anameza. Anati, "Madzi anu ndi ofunda, ankolo."

Ndinati, "Anali m'khwapa."

"Uyu akundizungulira kunja. Ndikulakwitsa pati?"

Sindiloledwa kuphunzitsa. Ndinayang'ananso Martin. Ulendo uno Martin anali kuyang'ana mitambo.

Ndinati, "Phazi loyamba latalika. Fupikitsa."

Anandibwezera botolo, mluzu unalira, analowa yekha. Palibe anamukankha. Mnyamata waliwiro uja sanakhudzenso woponya wathu mpaka masewera anatha.

Madzulo ake asanuwo anapita kukadya. Ine ndinakwera basi yanga, ndinapitirira siteji imodzi, ndinabwerera njira ya kuseri. M'nyumba munali furiji. Mu Juni Mayamiko amaliza sukulu, apita kumene ntchito imutengere. Mu Seputembala sindikudziwa ngati adzandilola kupita ku kantini ndi makiyi anga. Sindinafunse.

Pepala lathera apa. Botolo ndabwera nalo, ndi ili. Ndaliika pa tebulo. Amene akufuna anunkhize.